Kodi Mphunzitsi Atchule Kumene Adaphunzira?

Pali funso limene mphunzitsi aliyense amakumana nalo m'sabata yake yoyamba pasukulu yatsopano. Limachokera kwa mphunzitsi wamkulu pomulandira, kwa aphunzitsi anzake pa nthawi yopuma, kwa makolo a m'komiti ya sukulu, ngakhalenso kwa ana: "Kodi inu mudaphunzira kuti?" Kwa ambiri funsoli ndi lopepuka. Koma kwa munthu amene adadutsa pasukulu ya mbiri, kaya ndi ku Zomba, ku Makerere, ku Cape Town, ku Edinburgh kapena ku Oxford, yankho limalemera pakamwa. Akatchula dzinalo amawopa kuti anzake amuyesa wodzikuza, ndipo akalibisa amadziwa mumtima mwake kuti wazemba. Ena mwa inu mudzapitiriza maphunziro kufikira ku yunivesite, ndipo nonsenu mudzagwira ntchito ndi anthu amene adafikako. Motero n'koyenera kuti nkhaniyi tiisinkhesinkhe mudakali pakoleji.

Maganizo athu ndi akuti dzina la sukulu litchulidwe poyera ndi mwachidule, pamene womvera ali ndi chifukwa cholimvera, ndipo likatchulidwa lisiyidwe pomwepo kuti ntchito ipitirire.

Tiyambe tawona chimene chimalemeretsa dzinali. Yunivesite ya Malawi idayamba kuphunzitsa mu 1965 ndi ophunzira 90 okha, ndipo Chancellor College idasamukira ku Zomba mu 1973. Kwa zaka zoposa 30 iyi idali yunivesite yokhayo ya boma m'dziko muno, kufikira pamene ya Mzuzu idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Mu 2021 Chancellor College idatenga dzina la Yunivesite ya Malawi, ngakhale kuti dzina lakalelo silinachoke m'kamwa mwa anthu. Mayunivesite tsopano achuluka, koma malo akadali ochepa poyerekeza ndi achinyamata amene amakhoza mayeso a Fomu 4. Choncho pamene mutchula sukulu yotereyi, mnzanu samva dzina lokha ayi; amakumbukanso khomo limene lidamutsekekera iye. Mwina adakhoza bwino koma fizi idasowa, mwina adasiyira panjira kuti alere abale ake makolo atamwalira. Munthu wodziwa izi amasamala kayankhulidwe kake popanda wina womuuza.

Komabe kusamala sikutanthauza kubisa. Ku America kuli chizolowezi chimene chimasekedwa kwambiri. Ena mwa amene adaphunzira ku Harvard, yunivesite imene idakhazikitsidwa mu 1636, akafunsidwa amangoti adaphunzira cha ku Boston, ndipo ena a ku Yale amati ku Connecticut. Wofunsayo amafunsanso, nafunsanso kachitatu, ndipo dzina lija limatuluka pomalizira ngati mfumu imene yaimbiridwa ng'oma. Chimene chikadatha ndi mawu amodzi chasanduka mwambo. Choipa china n'chakuti kuzemba kotere kumauza womvera kuti dzinali ndi lalikulu moti iye sangalipirire, ndipo kumeneku ndi kunyoza koposa kulitchula. Mphunzitsi wa kuno kwathu amene amayankha kuti "cha ku Zomba uko" uku akumwetulira akuchita zomwezo. Tikudziwa kuti ena amabisa powopa nsanje, ndipo mantha amenewa sitiwapeputsa. Koma pasukulu chinsinsi sichikhalitsa, pakuti mapepala anu ali mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Tsiku limene anzanu adzazimve kwa wina adzafunsana kuti, "Nanga ankatibisira chiyani?" ndipo kukhulupirirana kudzakhala kwasweka.

Kulakwa kwina, kumene timakuwona kawirikawiri, ndi kwa munthu amene amatchula sukulu yake osafunsidwa. Pamsonkhano uliwonse wa aphunzitsi mawu ake amayamba ndi "pamene tidali ku yunivesite". Akasiyana maganizo ndi mnzake pa njira yophunzitsira masamu mu Sitandade 5, amaleka kupereka zifukwa natulutsa dzina la sukulu kuti litseke mkangano. Akuluakulu adati tsobola wakale sawawa. Digiri imachitira umboni kuti mwini wake adakhoza mayeso m'chaka chakutichakuti. Kuti njira yake yophunzitsira ndiyo yabwino, umboni wake uli m'makope a ana, ndipo mphunzitsi aliyense angathe kuwatsegula nawona yekha.

Kumbukirani kuti pamene maphunziro aulere a ku pulayimale adayamba mu 1994, ana adasefukira m'masukulu, ndipo boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi amene adali asanapite ku koleji. Ambiri a iwo adaphunzitsidwa pambuyo pake ali kale pantchito. Anthu otere adagwira makalasi a ana oposa 100, ena pansi pa mtengo, opanda mabuku okwanira. Amadziwa kukhalitsa chete khamu la ana a zaka 6, amadziwa mwana amene wabwera ndi njala, amadziwa mayankhulidwe oyenera kwa amfumu ndi kwa makolo. Nzeru izi siziperekedwa m'chipinda cha maphunziro cha yunivesite iliyonse. Mukakumana nawo, apatseni ulemu wa Bambo ndi Mayi, ndipo afunseni. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Tiwonjezepo kuti anthu amamva kudzikuza m'zinthu zina msanga kuposa m'dzina la sukulu. Amakumva pamene mphunzitsi ayankhula Chingerezi pamsonkhano wa makolo amene iye akudziwa bwino kuti sachimva; pamene akonza Chingerezi cha mphunzitsi mnzake ana akumvera; pamene adutsa akuluakulu panjira osawapatsa moni; pamene asowa pamaliro a m'mudzi umene sukulu yake ilimo. Munthu amene amachita izi, ngakhale asatchule yunivesite yake chaka chonse, mudzi udzamuweruza. Munthu amene sachita izi angathe kutchula Oxford pabwalo la amfumu, ndipo anthu adzangoti, "Tachita mwayi, ana athu apeza mphunzitsi." Julius Nyerere wa ku Tanzania adaphunzira ku Makerere natenga digiri ku Edinburgh mu 1952, ndipo palibe amene sankadziwa zimenezi. Atabwerera kwawo adakaphunzitsa ku Pugu, ndipo mu 1963 adatulutsa sewero la Shakespeare la Julius Caesar m'Chiswahili kuti anthu a kwawo aliwerenge m'chiyankhulo chawo. Kufikira imfa yake mu 1999 dzina limene anthu ankamutcha lidali Mwalimu, ndiye kuti mphunzitsi.

Tsopano tilowe m'kalasi, pakuti m'menemo nkhaniyi imasintha nkhope. Pamaso pa ana, kutchula kumene mudaphunzira nthawi zina ndi udindo. Pali ana ambiri, makamaka m'masukulu a kumidzi, amene sanayankhulepo ndi munthu amene adafika ku yunivesite. Kwa iwo yunivesite ndi malo a ana a anthu ena. Mphunzitsi amene abisa mbiri yake kwa ana otere akuwamana chinthu chimene angathe kuwapatsa kwaulere. Koma pali kusiyana pakati pa kutchula dzina lokha ndi kufotokoza njira. Dzina lokha limachititsa mwana kuyang'ana mphunzitsi. Njira imachititsa mwana kudziyang'ana yekha nafunsa ngati naye angayende momwemo. Auzeni sukulu ya pulayimale imene mudayambira, mtunda umene munkayenda, mmene mudakonzekerera mayeso a Sitandade 8, ndi kuti ofuna malo ku yunivesite ya boma amayenera kukhoza bwino maphunziro 6 pa mayeso a Fomu 4, kuphatikizapo Chingerezi. Atchuleni amene adakuthandizani: amalume amene adagulitsa mbuzi, mlongo amene adalima ganyu, mphunzitsi amene adakubwerekani buku. Munthu amene atchula omuthandiza sangamveke wodzikuza, chifukwa akuvomera poyera kuti sadafike yekha.

Mbiri za anthu awiri a dziko lino zimatiwonetsa zimenezi. Legson Kayira adanyamuka wapansi kumpoto kwa dziko lino mu 1958 kukafuna maphunziro, nayenda kufikira ku Khartoum. Pambuyo pake adaphunzira ku America ndi ku Cambridge, nalemba mbiri yake m'buku la I Will Try mu 1965. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, adasiya sukulu ya sekondale posowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, naphunzira yekha m'mabuku a m'laibulale yaing'ono kupanga makina a mphepo otulutsa magetsi. Mu 2014 adatsiriza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Palibe mwana amene amamva nkhani izi nanena kuti anthuwa ndi onyada. Dzina la Cambridge kapena la Dartmouth limabwera kumapeto kwa ulendo umene mwana wauwona kuyambira pachiyambi, ndipo pachiyambipo pali mudzi wonga wake.

Chenjezo limodzi n'lofunika apa. Musafotokoze maphunziro anu m'njira yonyozetsa makolo a ana. Mawu onga akuti "mukapanda kulimbikira mudzangokhala olima ngati makolo anu" amabzala manyazi mumtima wa mwana, ndipo khasu lomwelo ndi limene likumugulira kope ndi yunifolomu. Mako ndi mako, usamuwone kuchepa mwendo.

Pofuna kuthandiza, nawa mafunso atatu amene mphunzitsi angadzifunse dzinalo lisanatuluke pakamwa. Loyamba: kodi ndafunsidwa, kapena nkhani imene tikukamba ikulifuna? Lachiwiri: kodi amene apindule polimva ndi womvera kapena ine? Lachitatu: kodi ndikalitchula, mnzangayu atsala ndi mpata woyankhula? Ngati mwafunsidwa, yankhani molunjika: "Ndidaphunzira ku Yunivesite ya Malawi, ku Zomba, masamu ndi uphunzitsi. Nanga inu, Bambo, mwakhala pasukulu pano zaka zingati?" Yankho lotere lanena zowona, silinapepese, silinakometse, ndipo labweza ulemu kwa wofunsa.

Nawonso omvera ali ndi mbali yawo. Ambiri a inu mudzatuluka pano ndi satifiketi ya uphunzitsi, ndipo tsiku lina pasukulu panu padzafika mnzanu wa digiri. Musamulandire ndi mawu obaya onga akuti "afika ophunzira aja", ndiponso musadzichepetse ndi mawu akuti "ife ndife a satifiketi chabe". Munthu amene wayankha funso lanu mowona mtima sanakulakwireni. Mufunseni zimene akudziwa pa sayansi kapena pa Chingerezi, ndipo inu mumuwonetse kaphunzitsidwe ka ana aang'ono kamene koleji idakuphunzitsani. Mutu umodzi susenza denga, ndipo sukulu imene aphunzitsi ake amayesana mapepala m'malo mogawana nzeru, amene amalipira ndi ana.

Aphunzitsi a mawa, sukulu imene munthu adaphunzira ndi gawo la mbiri yake, monga mudzi wa kwawo ndi mfunda wake. Mukafunsidwa tchulani, ana akafuna njira afotokozereni, ndipo pamene palibe wofunsa tengani choko mulembe pabolodi. Pakutha pa chaka makolo adzabwera kudzamva zotsatira, ndipo funso lawo lidzakhala lakuti kodi mwana wawo tsopano akutha kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera.