Dzina la Phiri Si Malaya

Pali mlandu umene anthu a ku Chintheche ayenera kuulingalira msanga, ndiwo wa maina a mapiri, mitsinje ndi madooko. Masiku ano mwana wa sukulu angathe kutchula nyumba zonse za alendo zimene zandanda pamchenga, koma akafunsidwa dzina la dooko limene agogo ake anali kukochezapo bwato, angoti kukamwa yasa. Ichi nchamanyazi.

Ena ati dzina lili ngati malaya, amene munthu avula akapeza ena. Otere alakwa, pakuti dzina la malo ndilo kalata ya makolo amene sanali kulemba. Wotchula mtsinje wa Chintheche akumbutsa linga la Mankhambira, kumene Atonga anagonjetsa Angoni m'zaka za m'ma 1870. Wotchula phiri la Makuzi akumbutsa Bandawe wakale, kumene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni m'chaka cha 1881. Wotchula mudzi wa Chifira akumbutsa Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la antchito ku Cape Town m'chaka cha 1919. Dzina likafa, mbiri yotere isowa pomangirira.

Amuna a dziko lino amene anapita kumigodi anaona zimenezi ndi maso. M'chaka cha 1902 Azungu anapeza mtovu patimapiri tina ta ku Northern Rhodesia, natcha malowo Broken Hill, potengera mgodi wa ku Australia. Dzinalo linakhala zaka zoposa 60, kufikira dziko la Zambia litalandira ufulu, pamene mzindawo unatchedwa Kabwe. Mgodi unatsekedwa m'chaka cha 1994, koma dzina la eni dziko lilipobe. Ku Malawi kunonso Fort Johnston anasanduka Mangochi, Port Herald anasanduka Nsanje, ndipo Deep Bay anasanduka Chilumba. Izi zinatheka chifukwa anthu anali asanaleke kutchula maina akalewo pakamwa. Koma dzina la Cape Maclear, limene David Livingstone anapereka polemekeza bwenzi lake, likuphimbabe dzina la Chembe.

Tsono ngati maina a malo otchuka abwerera movuta chotere, nanga a timapiri ndi timitsinje, amene sanalembedwe pamapu, adzawabweza ndani? Boma silingabweze dzina limene eni ake aiwala. Ndipo mlanduwu sukhudza mbiri yokha. Mafumu aweruza za malire potchula chulu, mwala kapena khwawa. Ana akataya maina amenewa, tsiku lopikisana ndi wogula malo wokhala ndi mapepala adzasowa umboni, ndipo munda wa makolo udzapita iwo ali kupenya.

Palibe woletsa alendo kubwera, pakuti abweretsa ndalama ndi ntchito. Koma mlendo ndi mame, ndipo si bwino kuti mame atche phiri dzina. Chifukwa chake aphunzitsi ayenera kutuma ana kwa nkhalamba za m'mudzi mwao, kuti akalembe dzina lililonse m'Chitonga monga alitchulira eni ake, pamodzi ndi tanthauzo lake. Buku lotere lisungidwe kusukulu, lina kwa mfumu. Ntchitoyi ifuna kope ndi pensulo chabe, koma siingadikire, chifukwa nkhalamba zodziwa zili kutha chaka ndi chaka, ndipo kumanda safunsako dzina la phiri.