MSEWU WA KU KACHULU NDI MABOTI A KU CHISI

Abale ndi alongo, kodi tidzakhala chete kufikira liti? Matemba athu adyedwa ku Limbe ndi ku Lilongwe, msonkho tipereka, koma mvula ikagwa msewu wa ku Kachulu usanduka phala. Mai wodwala wa ku Chisi akwera boti lodzala matumba ndi njinga, lopanda ndi chovala choyandamitsa chomwe. Akafika padoko, galimoto palibe!

Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, 1995 ndi 2018, anthu nakankha mabwato m'matope. Nanga okonza za misewu ku Zomba anaphunzirapo chiani?

Pamsonkhano wa nthambi tidzalemba kalata ku Khonsolo: anthu awerengedwe boti lisananyamuke, ndipo msewu authire miyala mvula isanayambe. Bwerani nonse, ndi mafumu omwe.