Wotumidwa ku Katuli alimbe m'pemphero, koma tisamusiye yekha

Masiku ano mmishonale sabweranso pa sitima kuchokera ku Scotland. Ndi mwana wathu yemwe wa ku Dedza, Mzimba kapena Thyolo, amene wangomaliza kumene maphunziro a ubusa kapena a ukatekisiti, mpingo n'kumuuza kuti anyamule chikwama apite m'dera la mfumu yaikulu Katuli, kum'mawa kwa boma la Mangochi, kufupi ndi malire a dziko la Mozambique. Pa mwambo womutsanzika timamusanjika manja, amayi n'kululutira. Akangokwera minibasi, ambirife timamukumbukira tsiku lofuna lipoti la zopereka basi.

Taganizani sabata imodzi yokha ya mnyamata wotere. Lolemba kwagwa maliro, ndipo akuyenera kutonthoza anthu amene Chiyao ndicho chimawafika pamtima, pomwe iye akungodziwa moni. Lachiwiri usiku mwana wa mkhristu wake wakomoka ndi malungo, wakabaza akufuna ndalama asanalize njinga yamoto. Lachitatu mvula yagwetsa khoma la tchalitchi cha njerwa zosawotcha. Lachinayi foni yalira kuchokera kwawo: amayi ake sakupeza bwino, mng'ono wake wabwezedwa kusukulu kamba ka fizi. Lachisanu mudzi wonse wapita ku mzikiti, iye watsala yekha pakhonde. Lamulungu walowa m'tchalitchi n'kupeza anthu 12, theka la iwo ana.

Aliyense amene adakhalako kumeneko avomereza kuti sabata yotere si yachilendo. Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti mwa anthu 10 aliwonse m'boma la Mangochi, pafupifupi 7 ndi Asilamu, choncho mipingo yambiri ya kumidzi ndi yaing'ono ndipo chopereka chake n'chochepa. Onjezanipo mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 umene udazunza kwambiri bomali, komanso kuchepetsedwa mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kumene kudachititsa kuti kandalama ka mtumiki kazitha mwezi usanafike pakati.

Chimamugwira n'chiyani munthu wotere kuti asapakire katundu Loweruka m'mawa? Ambiri amayankha kuti pemphero, ndipo ine sindikutsutsa. Pemphero la m'mamawa limapatsa tsiku poyambira pamene china chilichonse chasokonekera. Limamukumbutsa kuti amene adamutuma sawerenga mitu ya anthu m'tchalitchi monga timachitira ife. Munthu akatula nkhawa zake mmodzimmodzi pamaso pa Mulungu, mtima umatsika, tulo timabwera. Mphamvu imeneyo ndi yeniyeni, ndipo boma lomweli la Mangochi lili ndi umboni wake.

Mu October 1875 sitima ya Ilala idafika ku Cape Maclear ndi amishonale oyamba a Livingstonia. Mmodzi wa iwo, Robert Laws, adali ndi zaka 24 zokha. Mu 1877 adataya anzake awiri achinyamata, Dr William Black ndi mphunzitsi Shadrach Ngunana wa ku South Africa. Manda a amishonalewo akadalipo mpaka lero. Padatenga zaka zoposa zisanu kuti munthu woyamba, Albert Namalambe, abatizidwe mu 1881, ndipo chaka chomwecho mishoni idasamukira ku Bandawe pothawa malungo. Laws sadabwerere kwawo. Adatumikira dziko lino mpaka 1927.

Alaliki amaikonda nkhani ya Laws, koma amaidula pakati. Laws sadali yekha ku Cape Maclear. Adali ndi anzake opala matabwa, okonza injini ndi aphunzitsi. Adali ndi William Koyi, amene chilankhulo chake chidamuthandiza kumvana ndi Angoni. Kuyambira 1879 adalinso ndi mkazi wake Margaret. Ku Scotland kudali anthu otumiza mankhwala, ndalama ndi makalata. Adaonanso kuti kusamuka pamalo popha anthu si tchimo.

Pali dzina lina limene silimveka kawirikawiri pa guwa, la Isaac Wauchope. Iye adali mmodzi wa anyamata anayi a pa sukulu ya Lovedale ku South Africa amene adadzipereka mu 1876 kubwera kuno, pamodzi ndi Koyi, Ngunana ndi Mapassa Ntintili. Adadwala kwambiri ali paulendo, mutu n'kusokonekera ndi malungo, ndipo mtsogoleri wawo James Stewart adamubweza kwawo. Kukadakhala lero, ena akadanong'onezana kuti chikhulupiriro chake chidali chaching'ono. Koma munthu yemweyo adadzakhala m'busa wodziwika, ndipo ku South Africa amamukumbukira kuti ndiye adalimbitsa mitima ya anzake pamene sitima ya Mendi inkamira mu February 1917, ngozi imene idapha anthu oposa 600 kuphatikizapo iye mwini. Kufooka kwa chaka chimodzi sikudathetse utumiki wake.

Akatolika nawo ali ndi nkhani yawo. Ansembe a White Fathers adafika kwa Mponda mu December 1889, ndipo pofika pakati pa 1891 adachoka atatopa ndi matenda komanso nkhondo za m'derali, osasiya mpingo. Adapita kukayamba ntchito ku Mambwe, m'dziko limene lero ndi Zambia. Padadutsa zaka zoposa 80 kuti Dayosizi ya Mangochi ikhazikitsidwe mu 1973. Ngati akuluakulu amenewo adachoka chimanjamanja, bwanji timafunsa mnyamata wa zaka 25 chifukwa chimene mpingo wake sudakule m'miyezi isanu ndi umodzi?

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Mawu akuti "limbani m'pemphero" asanduka njira yachidule yothawira udindo. Mtumiki akaimba foni kudandaula kuti ndalama ya mwezi sidafike, timamupatsa vesi. Akati sakugona, mtima ukungothamanga, timamuuza kuti asale kudya. Mapeto ake amasiya kuimba, ife n'kumaganiza kuti zinthu zili bwino. Pajatu m'busa salira pagulu, ndipo mwamuna wa ku Malawi adaphunzitsidwa kumeza misozi.

Koma Baibulo limene timawerengali silimutenga choncho munthu wotopa. Mneneri Eliya atathawira m'chipululu n'kupempha kuti angofa, choyamba chimene adalandira chidali tulo, mkate ndi madzi, mawu adabwera pambuyo. Yesu potuma ophunzira ake adawatuma awiriawiri. Makolo athu adati mutu umodzi susenza denga.

Choncho mipingo yotuma achinyamata ku Katuli, Namwera, Makanjira ndi madera ena otere ili ndi ngongole zingapo zoti ibweze. Mtumiki aziyamba waphunzira Chiyao kwa miyezi ingapo asanapatsidwe guwa. Asamatumizidwe yekha, ndipo ngati ndalama sizikulola, pakhale m'busa wamkulu wapafupi womuyendera mwezi ndi mwezi, womufunsa za moyo wake asanafunse za kaundula. Kandalama kake kazifika pa tsiku lake. Masiku ano pali Airtel Money ndi Mpamba, kutalika kwa msewu si chowiringula. Akhale ndi tsiku limodzi lopuma pa sabata limene aliyense akulidziwa. Akaonetsa zizindikiro za matenda a nkhawa, aperekezedwe kwa aphungu kapena kuchipatala, monga kwa a St John of God ku Lilongwe ndi Mzuzu, popanda kumulemba m'buku la olephera.

Ena anena kuti tikatero tikulera amishonale ofewa, oti akale ankayenda wapansi osadandaula. Zoona ankayenda wapansi, koma manda a ku Cape Maclear akutiuza mtengo wake. Palibe mpingo umene udakula chifukwa choti mtumiki wake adagona ndi njala.

Kwa mtumiki mwini wake ndinganene ichi: achimwene, musatsekere chikhulupiriro chanu m'chipinda. Nthawi zambiri yankho la pemphero limabwera ndi mbale m'manja, ndipo ku Katuli mbaleyo ikhoza kuchokera kwa mayi wovala hijabu. Khoma la tchalitchi likagwa, amene adzayambe kufika ndi khasu ndi oyandikana nanu, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Pitani kumaliro awo, patsani ulemu shehe ndi amfumu, phunzirani kulonjera akuluakulu m'chilankhulo chawo. Mnansi wanu amadzuka kusanache kukaswali. Iye amadziwa bwino lomwe chimene chimakudzutsani inu. Wobwera ndi mtima wonyoza chipembedzo cha eni mudzi amadzipangira yekha sabata zowawa.

Ndipo inu amene mukuwerenga muli m'tauni, mpingo wanu uli ndi munthu amene udamutuma kutali. Funsani mlembi wa mpingo dzina lake ndi nambala yake. Muimbireni pakati pa sabata, osadikira Khirisimasi, ndipo mukamufunsa kuti ali bwanji, dikirani ayankhe kawiri, chifukwa yankho loyamba limakhala loti "tili bwino mwa Ambuye". Mukatha kupemphera naye, mutumizireniko ya mafuta a njinga.