Njinga ya pa foni: wamalonda ayambe wayeza katundu wake asanatumize ndalama

Masiku ano wamalonda wa ku Mbulumbuzi kapena ku Namitambo sakufunikanso kukwera minibasi ya ku Limbe kuti akaone njinga. Zithunzi zikumupeza pa foni pomwepo, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp: mauntenibayiki yonyezimira, magiya 21, mashoko kutsogolo ndi kumbuyo, mtengo wooneka wotsika kuposa wa m'sitolo. Pansi pake amalemba kuti wogula atumize theka la ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, katundu afika sabata yamawa. Ambiri akukopeka, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mitengo ya minibasi ndi ya kabaza wa njinga yamoto imakwera nthawi iliyonse mafuta akakwera kapena akasowa, ndipo thiransipoti imadya phindu la tsiku lisanalowe n'komwe m'thumba.

Komatu kwa wamalonda njinga ndi gawo la mpamba, chimodzimodzi sikelo kapena benchi la pamsika. Ikagona, malonda agona. N'chifukwa chake mauntenibayiki yotchipa ya pa intaneti siyenera kugulidwa ndi aliyense. Ndi yabwino kwa wonyamula katundu wopepuka amene amayenda mtunda wautali. Kwa wonyamula matumba, madengu ndi zigubu, ndi ndalama yotaya.

Funso loyamba ndi la kulemera kwa katundu. Ku Chiradzulu njinga zimanyamula madengu a tomato ndi kabichi kupita kumisika ya m'mbali mwa msewu wa Zomba, matumba a nandolo nthawi yokolola, komanso zigubu za mkaka zomwe alimi a ng'ombe amapita nazo m'mamawa kumalo osonkhanitsira mkaka. Chigubu chimodzi cha malita 20 chimapitirira pang'ono makilogalamu 20, ndipo thumba la chimanga kapena nandolo ndi makilogalamu 50. Makaliyala ambiri omangira pa mauntenibayiki amapangidwa kuti anyamule makilogalamu 25 basi. Yerekezani ndi njinga ya Buffalo, yomwe kaliyala yake inapangidwira makilogalamu 100, kapena njinga zakuda zachikale za matayala a mainchesi 28 zomwe akabaza amaziwotcherera kaliyala yolimba. Kusiyana kwake n'kwakukulu.

Vuto silili pa kaliyala pokha. Mauntenibayiki zotchipa zambiri zili ndi fuliwilo yochita kupotokolera pa habu yakumbuyo. Kapangidwe kameneka kamasiya mbali yaitali ya ekiselo yopanda chochirikiza, moti katundu akalemera ekiselo imapindika, kenako imathyoka. Tayala lakumbuyo la njinga yamagiya limamangidwanso mopendekera mbali imodzi kuti magiya apeze malo, choncho masipoko a mbali imeneyo amakhala okungika kwambiri, ndipo gudumu lotere sililimba ngati la njinga yopanda magiya. Njinga ya mashoko akumbuyo ndiye siyenera kuganiziridwa n'komwe. Felemu yake imavina pakati, malo omangira kaliyala palibe, ndipo siping'i yotchipa imangowonjezera kulemera ndi kudya mphamvu za wopalasa. Pa chithunzi imaoneka ngati njinga yamoto, koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Okonda mauntenibayiki ali ndi mfundo yawo, ndipo ndi yoona. Chiradzulu ndi dera la zitunda. Amene amadziwa misewu yafumbi yozungulira phiri la Chiradzulu, kapena yochoka ku PIM ndi ku Nguludi kulowera m'midzi, amadziwa kuti mwini njinga yopanda magiya amatha gawo lalikulu la ulendo akukankha. Magiya amachepetsa ntchito imeneyi, ndipo matayala onenepa amagwira bwino pamiyala ndi pamatope a dzinja. Mvula ikawononga misewu, monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, njinga yopepuka imadutsa pomwe galimoto yalephera. Wogulitsa mayunitsi, zitenje, zovala zochepa za kaunjika, mafuta odzola, mandasi kapena mbewu za ndiwo zamasamba, yemwe katundu wake amakwana m'chikwama kapena m'kabasiketi, akhoza kufikira midzi yambiri pa tsiku ndi njinga yotere. Kwa iyeyu kugula n'kwanzeru, bola asankhe bwino.

Kusankha bwino kumayamba ndi kukana zokongoletsa. Njinga yoyenera malonda ikhale ya felemu yachitsulo, chifukwa ikang'aluka wowotcherera wa pa Namadzi kapena pa boma akhoza kuilumikiza. Felemu ya aluminiyamu imafuna makina ena owotcherera omwe sapezeka pamisika ya kumudzi. Matayala akhale a mainchesi 26, popeza machubu, malimu ndi matayala a saizi imeneyi ndi amene amapezeka msanga. A 27.5 ndi a 29 akhoza kumuyendetsa munthu mpaka m'tauni chifukwa cha chubu chimodzi. Mabuleki akhale a labala ogwira pa limu kapena a disiki okoka ndi waya. A disiki oyendera mafuta amagwira bwino akadali atsopano, koma akadontha amafuna mafuta ake ndi zida zake. Pafupi ndi ekiselo yakumbuyo pakhale timabowo tomangira kaliyala. Wogula afunsenso mtundu wa valavu: yofanana ndi ya galimoto ndi yosavuta.

Njira yachidule ndi iyi: asanalipire, wamalonda atenge chithunzi cha njingayo akamuonetse wokonza njinga wa pamsika wake, amufunse ngati zipangizo zake amazidziwa komanso kumene zimagulidwa. Wokonzayo akapukusa mutu, nkhani ithere pomwepo. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri ndi mtengo. Nambala yolembedwa pansi pa chithunzi kawirikawiri ndi chiyambi chabe. Njinga yoitanitsa kunja, kaya ku China kudzera mwa maejenti kapena ku Johannesburg kudzera mwa onyamula katundu olowera pa chipata cha Mwanza, imakhala ndi ndalama yonyamulira. Katoni ya njinga ndi yaikulu, ndipo onyamula ambiri amawerengera kukula kwa katoniyo, osati kulemera kwake kokha. Pamwamba pake pamabwera zolipira ku MRA katundu akamalowa m'dziko. Ndalama yakunja nayonso siidikira munthu. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali atalipira theka pa katundu wa madola anapeza kuti theka lotsalalo lakula ali m'tulo. Njinga ikafika ku Blantyre pamafunikabe thiransipoti yoti ifike kumudzi, ndalama ya woimanga, kaliyala, mpope, loko, nyali ndi madigadi, zomwe zambiri sizikhala m'katoni. Wamalonda afunse mtengo umodzi womaliza wa njinga itafika m'manja mwake, wolembedwa, kenako auyerekeze ndi wa m'masitolo a ku Limbe komwe angathe kuigwira ndi kuikwera asanalipire. Nthawi zina kusiyana kumatsala kochepa kwambiri moti sikulipira nkhawa ya kudikira.

Pali mtengo winanso umene ambiri sauwerengera: masiku amene njinga yagona. Mwachitsanzo, ngati wamalonda amapeza phindu la K10,000 pa tsiku, ndipo kachitsulo kosinthira magiya kathyoka n'kutenga masiku asanu kuti kapezeke, wataya K50,000 asanagule n'komwe kachitsuloko. Zikachitika kawiri kapena katatu pa chaka, kutchipa kuja kwatha. Zimapweteka kwambiri ngati ndalama yogulira inali ngongole ya banki m'khonde, chifukwa chiwongoladzanja sichigona njinga ikagona.

Chachitatu ndi kalipiridwe. Kuba kudzera pa foni kwafala, ndipo chithunzi cha njinga aliyense akhoza kuchikopera pa intaneti. Wogulitsa weniweni amakhala ndi malo oti munthu n'kupitako, amavomera kuonetsa njingayo pa vidiyo nthawi yomweyo, ndipo dzina lotuluka pa nambala yolandirira ndalama limagwirizana ndi lake kapena la bizinesi yake. Wogulitsa wofulumizitsa, wonena kuti yatsala imodzi yokha ndipo wina akuifuna, ndi wofunika kumukayikira. Lamulo labwino kwa wamalonda wamng'ono ndi lakuti ndalama ituluke katundu ataoneka. Ngati pakufunika chikole, chikhale chochepa choti chitatayika malonda sangagwe. Mauthenga onse, lisiti ndi nambala ya malipiro zisungidwe, chifukwa ndi zimene apolisi, bungwe la Competition and Fair Trading Commission kapena la CAMA angafune kuona pakakhala dandaulo. Koma kunena zoona, kulondola wogulitsa amene ali kunja kwa dziko kapena amene wazimitsa foni n'kovuta. Chitetezo chenicheni chili pa kusatumiza ndalama msanga.

Katoni ikafika, itsegulidwe wobweretsayo ali pomwepo. Wogula aone ngati felemu sinaphwanyike, foloko sinapindike, malimu akuzungulira mowongoka ndiponso ngati kachitsulo kogwira chosinthira magiya chakumbuyo sikanakhote panjira, chifukwa ndi kamene kamavulala msanga katoni ikagwetsedwa. Cholakwika chilichonse chijambulidwe nthawi yomweyo.

Kenako pamabwera kumanga, ndipo apa ndi pomwe njinga zambiri zimafera zisanayambe n'komwe ntchito. Nthawi zambiri njinga imabwera tayala lakutsogolo, mahandulo, chishalo ndi mapedulo zili padera. Zida zofunika ndi sipanala ya 15 ndi ma Allen key a 4, 5 ndi 6. Mapedulo amalembedwa R ndi L. Ya kumanja imamangidwa monga bawuti wamba, koma ya kumanzere imamangidwa mobwerera. Woikakamiza amadya mazinga a mkono wa pedulo, ndipo amayamba kugula chipangizo njinga isanayende ngakhale mita imodzi. Foloko nayonso ambiri amaitembenuza: malekezero ake ogwira tayala ayenera kutsogola, osati kubwerera kumbuyo, apo ayi phazi limagunda tayala pokhota. Chitsulo cha chishalo chili ndi mzere wosonyeza polekezera; kuchikweza kupitirira pamenepo kumang'amba felemu.

Kufakitale njinga zotchipa zimaikidwa girisi wochepa, ndipo mahabu amamangidwa mothina kwambiri kapena molekerera. Ndi nzeru kulipira wokonza njinga wodziwa magiya kuti amasule mahabu, khosi ndi pakati pa mapedulo, aikemo girisi, akungenso masipoko onse. Aonenso timabawuti tiwiri ta pa chosinthira magiya tolembedwa H ndi L, tomwe timaletsa tcheni kudumpha. Ka L kakalekerera, chosinthiracho chimalowa m'masipoko, ndipo pa kamphindi kamodzi munthu amataya chosinthira, tcheni ndi masipoko angapo. Mabuleki ayesedwe njinga ili ndi katundu, pamalo athyathyathya, isanaone chitsetse. Wopalasa adziwe dzanja limene likugwira tayala lakutsogolo, chifukwa njinga zopangidwira mayiko ena zimabwera mabuleki atasinthana mbali. Mpweya woyenera walembedwa m'mbali mwa tayala, ndipo tayala lofewa pansi pa katundu limatsina chubu pamwala uliwonse.

Pakatha masabata awiri kapena atatu njinga ibwerere kwa wokonza. Mawaya atsopano amatamuka, masipoko amalekerera, mabawuti amamasuka. Kukonza kwachiwiri kumeneku n'kotchipa, koma ndi kumene kumasiyanitsa njinga yokhalitsa ndi yokathera pansi pa nkhokwe. Tcheni chipukutidwe ndi kudonthezedwa mafuta pang'ono, makamaka m'nyengo ya fumbi ndi ya matope, ndipo wopalasa azolowere kusintha giya asanafike pakati pa chitunda, osati akupondereza ndi mphamvu zonse. Nambala ya felemu, yomwe imakhala pansi pomwe pali mapedulo, ilembedwe pa lisiti. Tsiku la msika njinga zimasowa, ndipo nambala imeneyi ndi umboni wa mwini wake.

Ndiye chigamulo chake n'chosavuta. Wamalonda amene katundu wake wa tsiku ndi tsiku amapitirira makilogalamu 25 asiye zithunzi za pa foni, agule njinga yonyamula katundu yomwe wokonza aliyense kuyambira pa Njuli mpaka pa Milepa amaidziwa, ngakhale azikankha pa zitunda. Amene katundu wake ndi wopepuka ndipo phindu lake lili pa kufika msanga, agule mauntenibayiki yosavuta: yachitsulo, ya 26, yopanda mashoko akumbuyo, yolipira ataiona, ndipo apatuliretu ndalama ya woimanga. Amene sakudziwa mbali imene ali, aike katundu wake wa tsiku la msika pa sikelo. Nambala imene ituluke ndiyo imuuze njinga yoti agule.