Nthunzi si mpweya chabe, siyani kutsegula ledieta yowira

Anzanga apaulendo, lero tikangane pang'ono. Pali chizolowezi chomwe tachilekerera pa misewu yathuyi. Basi ikatenthetsa injini pa zitunda zochoka ku Tete kulowera ku Zobue, kondakitala amatsika ndi kansanza m'manja n'kuyamba kupotokola chotsekera cha ledieta, anthu atazungulira pomwepo ngati kuli gule. Ukati dikirani izizire, wina amayankha kuti "imeneyo ndi nthunzi chabe, tichedwa pa boda." Mawu amenewa ndi olakwika, tisiye kuwavomereza.

Madzi owira ndi nthunzi yake zimatha kukhala pa madigiri 100 zonse ziwiri, koma ukali wake ndi wosiyana. Kuti lita imodzi ya madzi itenthe kuchoka pa 0 kufika pa 100 pamafunika moto ndithu. Kuti madzi omwewo, atawira kale, asanduke nthunzi onse, pamafunika moto woposa pamenepo kasanu. N'chifukwa chake ketulo imawira msanga koma imatenga nthawi yaitali kuti madzi aphwe. Moto wonsewo sutayika, umabisala mu nthunzimo. Nthunzi ikagunda khungu imabwerera kukhala madzi n'kutula kutentha konseko pamenepo, kenako madziwo, akadali otentha, amapitiriza kuotcha. Munthu amapsa kawiri.

Ledieta ndiye yoopsa zedi. Chotsekera chake chimapanikiza madzi kuti asawire msanga, choncho m'katimo amatha kudutsa madigiri 110 osawira. Mukangotsegula, kupanikizika kuja kumatha mwadzidzidzi ndipo madzi amawira nthawi imodzi. Lita imodzi ya madzi ikasanduka nthunzi imafufuma mpaka pafupifupi malita 1,700. Ngakhale gawo lochepa chabe litasanduka nthunzi, limakankha madzi otsalawo n'kuwaponya kumaso ndi pachifuwa. Kansanza sikangatchinge zimenezo, ndipo kakanyowa kamangomatirira kutenthako pa dzanja.

Mudzati nthawi ndi ndalama. Inde. Koma yerekezani mphindi 30 kapena kuposerapo zodikira injini kuti izizire, ndi sabata yathunthu pa bedi la chipatala m'dziko la eni, masiku a pa pasipoti akutha, katundu ali m'manja mwa anthu osawadziwa. Ngati kondakitala samva, inu chokani pamenepo, chotsaninso ana.

Inu amene mumapikula ma pressure cooker ku Johannesburg, nkhaniyi ndi yanunso. Poto ameneyu amaphika nyemba msanga chifukwa m'kati mwake mumafika pafupifupi madigiri 120. Ndi ledieta ya kukhitchini. Kumugulitsa osalongosola ndi kugulitsa ngozi. Muuzeni kasitomala kuti asakakamize chivundikiro nthunzi isanathe, asadzaze poto mpaka pakamwa, ndipo azitsuka kabowo kotulukira nthunzi chifukwa makoko a nyemba amakatseka. Wopanda labala yabwino kapena valavu musapikule, ngakhale atatchipa bwanji.

Tsopano munthu akapsa. Apa ndiye aliyense m'basi amasanduka dokotala: wina mankhwala otsukira mano, wina dzira laliwisi, wina mafuta ophikira, wina dothi. Zonsezi ayi. Zimatsekera kutentha m'kati, zimalowetsa majeremusi, ndipo kuchipatala amayamba avutika kuzichotsa wodwala akulira. Chofunika ndi madzi ozizira oyera, kuthira pa bala kwa mphindi 20 osalekeza, chifukwa khungu limapitiriza kupsa m'kati ngakhale moto wachoka. Madzi oundana musaike, amaononga khungu. Vulani mphete, wotchi ndi zibangili dzanja lisanatupe. Chovala chikamatirira pa bala musachisuzumule. Matuza musaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera kapena pulasitiki yatsopano yokutira chakudya.

Bala likakhala lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, kapena lili kumaso, m'manja, kumalo obisika, kapena wapsa ndi mwana, pitani kuchipatala chapafupi, kaya ndi ku Tete, ku Harare kapena ku Musina. Musadikire kuti mukaonetse mukafika kwathu. Bala lotuwa losapweteka kwambiri lisakunamizeni, nthawi zambiri ndi lomwe lalowa mozama.

Tonse timanyamula zigubu za madzi akumwa pa ulendo. Chimodzi cha malita asanu chizikhala pafupi ndi mpando, osati pansi pa mabelo mu telera.