Kompyuta sidziwa zomwe sitinaiuze

Dzulo ndikuchonga makope a Form 4 ndinapeza mnyamata wina atalemba kuti liwiro ndi 3.4285714 m/s, chonsecho mtunda anayeza ndi rula yothyoka kumapeto. Ndinamupatsa theka la malikisi. Mwina abwera kudzadandaula.

Anzanga a Physics, matendawa si a ana okha. Akatswiri omwe amayerekezera pa kompyuta zochitika mkati mwa nuclear reactor amalimbana nawonso. Njira yawo yodalirika ndi ya Monte Carlo, yomwe Stanislaw Ulam ndi John von Neumann anayambitsa ku Los Alamos m'zaka za m'ma 1940. Kompyuta imatsata neutron imodziimodzi, ndipo ikagunda atomu imachita maere: imwazike, imezedwe, kapena iswe uranium. Ikatsata mamiliyoni ambiri, yankho limayamba kuoneka. Koma kuti kulakwitsa kuchepe ndi theka, ma neutron ayenera kuchuluka kanayi. N'chifukwa chake aliyense amafuna kompyuta yaikulu.

Ine ndikuti kompyuta yaikulu payokha siithandiza. Maere aja amadalira manambala omwe munthu anachita kuyeza mu labotale, osonyeza mwayi woti neutron igwidwe ndi atomu yakutiyakuti. Nambala ikakhala yokhota, yankho limatuluka lokhota, lili ndi madesimo ake asanu ndi awiri.

Mu September 1944, B Reactor ya ku Hanford, ku America, itangoyatsidwa inazima yokha patapita maola ochepa, kenako n'kudzukanso. Masamu a Enrico Fermi ndi anzake sanali olakwika ayi. Chomwe sankadziwa n'chakuti xenon-135, yomwe imabadwa uranium ikamasweka, imameza ma neutron modabwitsa. John Wheeler ndi amene anazindikira. Chinawapulumutsa n'chakuti mainjiniya a DuPont anali atamanga machubu 2,004 pomwe asayansi ankati 1,500 akwanira, ndiye panapezeka malo owonjezera uranium.

Choncho ndalama zofufuzira zizipitanso ku ntchito yotopetsa yoyeza mobwereza, ndi kuyerekeza zotuluka mu kompyuta ndi ma reactor enieni. Mapulogalamu monga MCNP ndi OpenMC amakhulupirika chifukwa choyesedwa chotero.

Wina anena kuti zikutikhudza chiyani ife a choko. Mgodi wa uranium wa ku Kayelekera, ku Karonga, unatsegulidwa mu 2009, ndipo ndikulakalaka mmodzi wa ana athu adzakhale pa mbali yowerengera, osati yokumba yokha. Inu amene munadutsa m'manja mwanga ndipo munkadana nane pa nkhani ya significant figures, mnyamata uja Lolemba akabwerezanso kuyeza, katatu, ndi rula yanga.