Chinadzidzimutsa anthu m'mafilimu akale aja sichinali kompyuta

Aphunzitsi anzanga ndi inu ophunzira anga akale, lero ndilankhulako za mafilimu. Ndamva anthu ambiri akunena kuti pamene zithunzi zopangidwa ndi kompyuta zinayamba kuoneka m'mafilimu a nthano za sayansi, oonera anangoti kukamwa yasa chifukwa cha luso la makinawo. Ine ndikutsutsa. Tikatsata mbiri yake bwinobwino, tiona kuti anthu ankatengeka mtima pokhapokha ngati zithunzizo zinali pa ntchito yokometsa nkhani. Kumene zithunzi zinkangodzionetsera, ambiri ankangoyang'ana n'kumapita.

Tiyambe ndi 1973. Mu filimu ya Westworld, yomwe analemba ndi kutsogolera Michael Crichton, kompyuta inagwiritsidwa ntchito kuonetsa mmene loboti yakupha imaonera dziko. Chithunzi chinkasweka kukhala timabokosi tating'onoting'ono. Mu 1977, mu Star Wars, asilikali asanakaukire Death Star anaonetsedwa mapu a mizere yokhayokha, omwe Larry Cuba anajambula pa kompyuta. Zithunzi zimenezi zinali zosakongola n'komwe, koma sizinasokoneze munthu, chifukwa nkhani inali itanena kale kuti awa ndi maso a makina, aka ndi kanema wa asilikali. Woonera anavomera n'kupitiriza kutsata nkhani.

Kenako kunabwera Tron mu 1982. Kampani ya Disney ndi wotsogolera filimuyi, Steven Lisberger, anachita zomwe zinali zisanachitikepo. Anatenga munthu n'kumulowetsa m'kati mwa kompyuta, ndipo mphindi zoposa 15 za filimuyo zinajambulidwa ndi makina, kuphatikizapo mpikisano wa njinga zamoto zosiya khoma la kuwala m'mbuyo. Olemba nkhani za mafilimu ambiri anayamikira maonekedwe ake koma anadandaula kuti nkhani yake inali yozizira. Ndalama zomwe inapeza sizinafike pomwe eni ake ankayembekezera. Pa mphoto za Oscar, Tron inapikisana nawo pa zovala ndi pa mawu, koma pa luso la zithunzi sinatchulidwe. Lisberger anadzafotokoza pambuyo pake kuti oweruza ankaona kugwiritsa ntchito kompyuta ngati kubera.

Nanga mphoto ya luso la zithunzi ya mafilimu a chaka chimenecho inapita kuti? Inapita kwa E.T. ya Steven Spielberg, yomwe kachilombo kake kochokera kumwamba kanali chidole chopangidwa ndi manja a Carlo Rambaldi. Anthu analira misozi chifukwa cha chidole chofuna kubwerera kwawo. Njinga zowala za Tron anazisirira, koma palibe chomwe zinawakhudza mumtima. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina anganene kuti vuto la Tron linali lakuti makompyuta a nthawiyo anali ofooka, ndipo anthu anayamba kusangalala makinawo atakhwima. M'mawu amenewa muli choonadi ndithu. Zomwe kampani ya Industrial Light & Magic inachita mu The Abyss mu 1989, pomwe madzi anaimirira ngati njoka n'kutengera nkhope ya munthu, sizikanatheka mu 1982. Ndiponso Tron sinafere pomwepo. John Lasseter, yemwe anadzatsogolera Toy Story mu 1995, ananena kuti Tron ndiyo inamutsegula maso, ndipo okonda filimuyi anachuluka mpaka Disney inapanga yotsatira mu 2010. Komabe taonani kuti amene anagwidwa mtima koyamba anali amisiri ndi achinyamata okonda masewera a pakompyuta. Mmisiri amaona mpando n'kusirira mmene anaulumikizira. Mlendo amangofuna kudziwa ngati angakhalepo bwino.

Umboni wanga waukulu ndi mafilimu awiri omwe ambiri a ife tinawaonera pa matepi m'mavidiyo shoo a m'tauni ndi m'misika, wailesi yakanema ya dziko lino isanayambe mu 1999. Yoyamba ndi Terminator 2 ya James Cameron, ya mu 1991. Mdani wa Arnold Schwarzenegger mufilimuyi, T-1000, anali loboti yachitsulo chamadzimadzi. Ankatuluka pansi ngati phala, ankadutsa pakati pa zitsulo za chitseko, ankati akamuombera bala n'kutsekeka lokha. Amene munakhalapo pa mabenchi aja mukukumbukira phokoso lake. Koma kodi anthu ankakuwa chifukwa chiyani? Ankakuwa chifukwa mnyamata John Connor ankathamangitsidwa ndi chinthu chosapheka. Ndipo zina zomwe anthu ankayesa matsenga a kompyuta sizinali choncho. Pomwe T-1000 akusanduka mlonda wa pachipatala n'kuima maso ndi maso ndi mlonda weniweniyo, opanga filimu anagwiritsa ntchito mapasa enieni.

Yachiwiri ndi Jurassic Park ya mu 1993. Filimuyi ndi ya maola awiri, koma zinyama zakalekale zija zotchedwa dinosaur zimaoneka kwa mphindi pafupifupi 15 zokha, ndipo zojambulidwa ndi kompyuta ndi mphindi ngati 6. Zotsalazo zinali zidole zikuluzikulu zoyenda ndi makina, zomwe anapanga Stan Winston ndi gulu lake. Spielberg anadziwa kuti mantha amakula munthu akamadikira. Chilombo chisanaoneke, timaona kaye madzi m'kapu akunjenjemera m'galimoto. Kunjenjemera kumeneko anakupanga ndi nsambo ya gitala yomwe anaimangirira pansi pake n'kumaikodola. Pofika pomwe chilombocho chikuthyola mpanda, woonera mtima unali kale m'mwamba, ndipo analibe nthawi yofunsa kuti apa ndi chidole kapena kompyuta. Filimuyi inaposa E.T. n'kukhala yopeza ndalama zambiri kuposa ina iliyonse kufikira nthawiyo.

Choncho pakati pa 1982 ndi 1993 makina anakhwimadi, koma chinanso chinasintha: opanga mafilimu anaphunzira kuthira kompyuta ngati mchere. Masiku ano makompyuta amatha kujambula mzinda wonse ukugumuka, nyanja ikuwira, magulu a nkhondo osawerengeka. Koma mumvetsere achinyamata akamatuluka koonera. Kawirikawiri amati, "Zija n'zapakompyuta basi." Mawu omwe kale akanakhala kuyamikira tsopano ndi kunyoza. Pomwe Jurassic Park, yomwe yadutsa zaka 30, mwana akaionera lero amagwirabe mkono wa mnzake.

Ife aphunzitsi nkhani imeneyi tikuidziwa, ngakhale sitinapangepo filimu. Timachonga zimangirizo zodzaza ndi mawu akuluakulu ndi miyambi yotsatizana, koma tikafika kumapeto sitidziwa chomwe mwanayo amafuna kunena. Timakumananso ndi china cha mawu wamba chomwe chimatichititsa kuiwala kuti tagwira cholembera chofiira. Oweruza a Oscar analakwa ngati ankaganizadi kuti kompyuta ndi kubera, pakuti chida ndi chida, ngati khasu kapena choko. Koma oonera wamba sanalakwe pomwe anakana kutengeka ndi kuwala kokha. Iwo analipira pakhomo kuti amve nkhani.

Inu amene munaonera mafilimu amenewa nthawi imeneyo, tandiuzani: ndi malo ati omwe munadzidzimuka mpaka kudzuka pa benchi, ndipo panthawiyo mumaganiza za kompyuta kapena za munthu yemwe anali pangozi?